Musanagule nyumba ya kunyanja: mawu kwa anthu a kwa Mlolo

 

Mwina ena mwadabwa kuti kwa Mlolo kuno, kumene madzi aakulu amene tinakula tikuwamva ndi a damu la Nsadzu, munthu waimirira kuti akambe za nyumba za kunyanja. Chandichititsa ndi mafunso anu omwe. Chibwerere kumudzi, sipatha mwezi osafika munthu pakhomo panga foni ili m'manja, kudzandionetsa chithunzi cha puloti yotsatsidwa pa Facebook kapena pa WhatsApp: mchenga woyera, madzi ali phee, dzuwa likulowa. Wina ndi mphunzitsi amene akudikira penshoni. Wina anatapa gawo la ndalama zake za penshoni ku NAPSA boma litalola zimenezi mu 2023. Wina soya kapena fodya anamuyendera bwino. Ena ndinu amayi amene mumadutsa pa Mwami kukapikula usipa ku Salima, ndipo mwatopa ndi kugona m'nyumba zolipira. Onsewa funso lawo ndi limodzi: "Aphunzitsi, inu munakhalako kunyanja. Ndigule?"

Ndinaphunzitsa ku Siavonga, m'mbali mwa nyanja ya Kariba, zaka 11. Mlongo wanga anakwatiwa ku Malawi, amakhala ku Senga Bay m'boma la Salima, dera la Mfumu Maganga, ndipo ndimapitako kawirikawiri. Nyanja ziwirizi ndizo ndikuzidziwa, ndiponso ndi zimene anthu a kuno mumalozako mukamalota nyumba.

Ndinene poyera kuti kunyanja n'kokoma, ine ndinakukonda. Mu June, pamene kuno timadzuka tikunjenjemera, kumeneko munthu amagona ndi nsalu imodzi. Ndiwo sizivuta: kapenta wamuwisi ku Siavonga, usipa, utaka ndi chambo ku Salima. Kuno ndalama imabwera kamodzi pachaka, tikagulitsa chimanga, soya ndi fodya, pamene kunyanja imayenda tsiku lililonse limene boti lakocheza. Ku Siavonga anthu a ku Lusaka amabwera kudzachita misonkhano m'mahotela, ndipo makampani oweta nsomba m'zitete za m'madzi alemba achinyamata ambiri amene amafuna zipinda za lendi. Munthu womanga mwanzeru kumeneko sagona ndi njala. Choncho sindinabwere kudzakuletsani. Ndabwera kudzakuuzani chinthu chimodzi chimene wogulitsa puloti sadzakuuzani, chakuti nyanja ili ndi malire akeake, ndipo malirewo salembedwa pa pepala limene akukugulitsani.

Alamu anga, amuna a mlongo wanga uja, anagula puloti yawo ku Senga Bay mu October 2018. Nthawi imeneyo nyanja inali itaphwa. Ndi zaka zomwe zija ku Malawi magetsi ankangozimazima chifukwa madzi a mtsinje wa Shire, umene umapukusa makina a magetsi ku Nkula, anali ochepa. Kuchoka pa puloti kukafika pamene panali madzi unkayenda ndithu, mpaka mchenga kukuotcha kumapazi. Anamanga nyumba yabwino ya njerwa zootcha, khonde loyang'ana kunyanja, ndi zipinda ziwiri zoti alendo azigona polipira. Ndalama zonse za ntchito yawo zinathera pamenepo, ndipo ife achibale tinawayamikira.

Mu April 2024 mlongo wanga anandiimbira foni nati, "Achimwene, nyanja yalowa m'nyumba." Ndinanyamuka m'mawa mwake, kudzera pa Mwami, Mchinji, Lilongwe mpaka Salima. Nsapato ndinavulira pa msewu, n'kupinda thalauzi, chifukwa njira yolowera pakhomo inali itasanduka dziwe. Pabalaza madzi ankalekeza m'maondo mwa mwana. Tiana ta nsomba tinkasambira pakati pa miyendo ya mipando. Matiresi anali atawasanjika pamwamba pa madiramu, ufa ataupachika kudenga, ndipo mlongo wanga ankaphikira pa mbaula imene anaiika pa tebulo. Chimbudzi chinali chitatitimira kale.

Ife a kumtunda timadziwa madzi a mtsinje, amene amasefukira usiku, kuwononga, m'mawa n'kupita. Madzi a nyanja sachita choncho. Amakwera pang'onopang'ono, lero chala chimodzi, mawa chala china, ndipo akafika amakhala miyezi. Kenaka mu May mphepo ya mwera imayamba, mafunde n'kumamenya maziko usana ndi usiku. Mchenga wa pansi pa nyumba umakokoloka mwakachetechete. Khonde la alamu anga silinagwe tsiku limene madzi analowa, linagwa mu July, mwera utalidya kunsi.

Madzulo a tsiku limene ndinafika ndinakhala ndi mkulu wina wosodza, akusoka ukonde wake pamalo ouma. Atamva kuti ndine mlamu wa mwini nyumba, anandilozera mkuyu umene uli kuseri kwa nyumbayo, kumtunda kwake, nati, "Bambo, mu 1980 bwato langa ndinkamangirira pa mtengo uwo." Ndinawafunsa kuti nanga bwanji simunawachenjeze anthuwa pamene ankayamba kukumba maziko. Anandiyang'ana nati, "Anandifunsa ndani? Anabwera pa galimoto ndi wogulitsa, anayeza ndi chingwe, anapita." Ukondewo anapitiriza kusoka. Makolo athu anati madzi saiwala khwawa, ndipo tsiku limenelo ndinaona ndi maso kuti nyanja nayo siiwala gombe lake.

Zimene ananena mkuluyo n'zofanana ndi zimene zili m'mabuku a oyeza madzi. Iwo amayeza kutalika kwa nyanja kuchokera pa mlingo wa nyanja yaikulu ya mchere. Mu 1980 nyanja ya Malawi inakwera kupitirira pang'ono mamita 477. Mu 2024 inapitirira mamita 476, ndipo nyumba, malo ogona alendo ndi minda zinamira ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota ndi kwina. Nyanja yomweyi inatsikapo kwambiri kalekale, moti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 madzi analeka kutuluka kupita mu Shire. Mukuona kuti kukwera ndi kutsika kwake kumatenga zaka makumimakumi. Munthu amene wakhala kunyanja zaka zisanu akhoza kulumbira moona mtima kuti pamalo pano madzi safika, pamene iye sanaione nyanjayo itakwiya. Mita imodzi imaoneka yochepa mukaiimika pa khoma, koma pa gombe lathyathyathya mita imodzi yokwera imatanthauza madzi kuyenda mtunda wautali kulowa kumtunda.

Ku Liwonde kuli chotchinga madzi cha Kamuzu Barrage, chimene chinamangidwa mu 1965 kuti azitha kuchepetsa kapena kuchulukitsa madzi opita mu Shire. Mu 2024 eni nyumba a kunyanja ankalira kuti atsegule kwambiri, pamene anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje, amene anali asanaiwale namondwe wa Freddy wa mu March 2023, ankaopa kuti madziwo akawamiza iwo. Kulira kwa mwini nyumba mmodzi sikungatsegulitse chotchinga chimenecho. Bungwe loona za madzi ku Malawi, la National Water Resources Authority, linakumbutsa anthu nthawi imeneyo kuti kunsi kwa mzere wa mamita 477 sikoyenera kumangako. Mzerewo unalipo alamu anga asanagule. Palibe amene anawatchulira, iwonso sanadziwe kuti n'chofunsa.

Tibwere kwathu ku Zambia. Kariba ndi nyanja yopangidwa ndi anthu. Khoma lake linatha mu 1959, ndipo madzi ake amayang'aniridwa ndi Zambezi River Authority, bungwe limene Zambia ndi Zimbabwe anakhazikitsa mu 1987. Pofuna kupanga magetsi, madziwo amaloledwa kusewera pakati pa mamita 475.5 ndi 488.5. Kusiyana kwake ndi mamita 13, kutalika kwa nyumba yosanja kanayi. Ndinaiona nyanjayi itadzaza mpaka kunyambita mipanda ya anthu, ndinaionanso itathawa. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko mu February chaka chimenecho, tonse tikuchikumbuka chifukwa chimanga chinapserera m'minda yathu yomweyi. Ku Kariba madzi anatsika kufika pafupi ndi mzere wotsiriza, magetsi n'kumazima maola ochuluka kuposa amene ankayaka, ndipo ngakhale okhala pafupi ndi damu lenilenilo anaulawa mdimawo. M'magombe osazama, nyumba imene munthu anaigula chifukwa cha madzi pakhomo inatsala ikuyang'ana matope ndi zitsa za mitengo imene inamira pamene nyanja inkadzaza. Mapaipi amene anthu ankakokera madzi m'nyanja anatsala pamtunda. Wogula nthawi ngati imeneyo amaona malo ambiri ouma kunsi kwa puloti n'kuganiza kuti adzalima ndiwo kapena kumanga zipinda zina. Malo amenewo ndi a nyanja, yangowabwereketsa.

Siavonga ndi tauni ya pa mapiri. Puloti yotchipa nthawi zambiri imakhala pa phedi la miyala, ndipo ndalama imene munapulumutsa pogula imathera pa kuswa miyala, kumanga khoma lotchinga dothi, ndi kulipira anyamata onyamula simenti pamutu chifukwa galimoto siifika. Ndinaona anthu akumaliza penshoni nyumba ili pa mawindo. Mmisiri wanu wa kuno, amene anazolowera kumanga pa dothi lofiira la kwathu, mukamutengera kumeneko kapena ku mchenga wa ku Salima, aziyamba wafunsa amisiri a komweko momwe amakumbira maziko.

Tsono puloti ya kunyanja muziiona kawiri. Ogulitsa amakonda kukuitanani mu September kapena October, pamene kuli kouma, misewu ikupitika, nyanja yabwerera. Pitaninso kumapeto kwa dzinja, mu April kapena May ku Malawi, pamene nyanja imafika pachimake, ndipo ku Kariba chapakati pa chaka, madzi ochokera ku Barotse atafika. Mukafika musathamangire kuyang'ana kumadzi. Yang'anani pansi. Ngati pa puloti pamera bango, kapena mukuona zigoba za nkhono m'dothi, madzi anakhalapo. Yang'anani makoma a nyumba zoyandikana, muone ngati pali mzere wakuda umene penti yatsopano ikulephera kubisa. Onani kumene kuli manda a mudziwo ndi nyumba za makolo akale, chifukwa eni dera saika abale awo pamene pamafika madzi. Ndipo musiyeni wogulitsa m'galimoto, mupite nokha kwa mkulu wosoka ukonde, mumupatse moni mwaulemu, mukhale pansi, mumufunse kuti, "Agogo, madzi aakulu amene munawaona analekeza pati?" Funso limenelo silidya ndalama.

Nkhani ina imene anthu amachita nayo manyazi kufunsa ndi ya chimbudzi ndi madzi akumwa. Kukhala pafupi ndi nyanja sikutanthauza kuti mpope wanu uzituluka madzi. Ku nyumba imene ndinkachita lendi ku Siavonga, pamwamba pa phiri, tinkaiona nyanja yonse pawindo koma masiku ena ana ankatsika ndi zigubu kukatunga. Ku mchenga vuto limatembenuka: madzi ali pafupi kwambiri, ukakumba pang'ono wawapeza. Zimamveka zabwino mpaka mutaganiza kuti chimbudzi chanu ndi cha mnansi wanu zikuthira m'madzi omwewo amene chitsime chanu chikutunga. Kolera wa ku Malawi wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Kwathu kuno mukukumbukira kumayambiriro kwa 2024, pamene bwalo la Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Matendawa amakonda pamene anthu athithikana, zimbudzi zili zochepa, madzi ali pafupi. Madoko a asodzi nthawi ya nsomba zambiri amakhala otero. Musanagule, funsani kuti anthu a m'deralo amamwa madzi ochokera kuti, ndipo pitani mukaone ndi maso.

Likodzo timalidziwa kale kuchokera m'madambo athu, mwana akayamba kukodza magazi. Kunyanja limakhala m'madzi odekha a m'mabango, momwe muli nkhono, ndipo ndi momwemo ana amakonda kusambira. Mankhwala ake alipo kuchipatala, koma mwana wokhala pagombe amalitenganso akangochira. Udzudzu kumeneko sudikira dzinja. Ng'ona ndi mvuu sizidziwa kuti puloti ili ndi mwini. Chaka china sukulu yathu inataya mwana wa giredi 5 amene anapita kukatsuka mbale madzulo pamalo pamene amayi ake ankatsukira tsiku ndi tsiku. Desiki lake ndinaliyang'ana teremu yonse. Inu amene mukufuna kutenga adzukulu kuti azikakhala nanu, muganizepo.

Kutentha nakonso musakupeputse. M'chigwa cha Zambezi mu October kumapitirira madigiri 40, malata amalira masana, anthu amagona panja. Amene mumamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, kakhaleniko mwezi umenewo musanasankhe. Nyumba ya kumeneko imafuna denga lalitali, mawindo oyang'anizana ndi mitengo ya mthunzi, ndipo ku nyanja ya Malawi denga likhomedwe poganizira mwera.

Tsopano za anthu amene mukawapeze. Chithunzi cha pa foni chimaonetsa gombe lopanda munthu, ngati kuti likudikira inu. Gombe lililonse lili ndi eni ake. Ndi pamene asodzi amakocheza mbandakucha, amayi amachapa ndi kutunga, usipa umayanikidwa pa thandala, ng'ombe zimamwera. Usiku ku Kariba majenereta a maboti a kapenta amalira mpaka kucha, ndipo Loweruka nyimbo za kumalo achisangalalo zimayenda pamwamba pa madzi kufika kuchipinda kwanu. Fungo la nsomba ndi gawo la mudzi. Amene akufuna bata la kwa Mlolo adzakhumudwa.

Chimene chimandipweteka mtima ndi mlendo amene akangogula amamanga mpanda mpaka m'madzi, kutseka njira imene anthu akhala akudzera chibadwire. Ku Siavonga nkhani imeneyi ili ndi chilonda chakale. Pomanga damu la Kariba, Atonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za Zambezi anasamutsidwa, ena kuponyedwa ku Lusitu, ku dothi limene sanalizolowere. Pansi pa madzi okongolawo pali midzi, minda ndi manda a makolo awo. Mukapita kumeneko mukulowa m'dziko la Mfumu Simamba, pakati pa adzukulu a anthu amene analandidwa kale mtsinje wawo kamodzi. Chinyanja chimamveka m'tauni, koma phunzirani moni wa Chitonga, pitani ku maliro awo, ndipo siyani njira yopita kumadzi. Ife tomwe kuno sitingakondwere munthu wochokera ku Lusaka atatchinga njira ya kudambo. Tsiku limene nyumba yanu idzalowe madzi kapena akuba, odzakuthandizani ndi omwewo amene mumawatsekera.

Za mapepala ndilankhula ngati munthu amene analumidwapo. Chaka changa chachinayi ku Siavonga munthu wina anandionetsa puloti yabwino, ali ndi kalata yodindidwa chidindo. Anati pali ena awiri akuifuna, ndikachedwa ipita. Ndinapereka theka la mtengo, ndalama imene ndinasunga zaka zitatu. Patapita miyezi iwiri ndinapeza pamalopo pali mulu wa miyala ndi mchenga wa munthu wina, nayenso ali ndi kalata yake ya chidindo chomwecho. Wogulitsayo sindinamuonenso. Mkazi wanga sanandidzudzule, koma chaka chimenecho mwana wathu woyamba anachedwa kupita ku koleji.

Lamulo la malo la 1995 limati malo onse a m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti, amene amawasungira anthu a dziko lino. Pa malo a boma, chimene mumagula ndi chilolezo chokhalapo zaka zosapitirira 99, ndipo umboni wake ndi taitolo yochokera ku Unduna wa za Malo. Wogulitsa akakuonetsani taitolo, lembani nambala yake, mupite nokha kapena mutume loya kukafufuza ku kaundula wa undunawo ngati dzina lili pamenepo ndi lake, ndiponso ngati nyumbayo sinaikidwe chikole ku banki. Kusintha dzina kumafuna chilolezo cha boma, ndipo pali msonkho wa ku Zambia Revenue Authority umene wogulitsa amayenera kulipira. Funsani ngati ndalama za chaka ndi chaka za ku unduna ndi za ku khonsolo zinalipidwa, chifukwa ngongole ya nyumba imatsala pa nyumba. Itanani oyeza malo akuonetseni mabikoni anayi pansi, muwaponde ndi phazi lanu. M'makomboni ena khonsolo imapereka chilolezo chokhala cha zaka 30, chimene ndi pepala lovomerezeka koma losiyana ndi taitolo, choncho mtengo wake usafanane.

Malo ambiri okongola a kunja kwa tauni ndi a mafumu, monga alili athu kuno. Inu mafumu muli pano mukudziwa bwino kuti malo otere sagulitsidwa ngati mbuzi. Kuti asanduke a taitolo pamafunika chilolezo cholembedwa cha mfumu yaikulu ya deralo, kenaka khonsolo ivomereze, kenaka nkhani ifike kwa Commissioner of Lands. Kalata ya nyakwawa payokha, kapena ya wapampando wa chipani m'komboni, siikutetezani tsiku limene mwini weniweni adzatulukire. Ndipo ngakhale mapepala onse atakhala bwino, pulani ya nyumba ipite ku khonsolo musanakumbe, mufunsenso kumeneko kuti lamulo likufuna mutalikire bwanji kuchoka kumadzi. Munthu akamakufulumizitsani kuti mutumize ndalama pa foni lero lomwe, ameneyo akuopa kuti mukafunsa.

Kwa inu amene mtima uli ku Salima, ku Nkhotakota kapena ku Mangochi, pali chinthu china. Timalankhula chilankhulo chimodzi ndi abale athu a kumeneko, ndipo mu August timakumana ku Mkaika pa Kulamba, kugwadira Kalonga Gawa Undi mmodzi. Koma pamaso pa lamulo la Malawi, munthu wa chitupa cha Zambia ndi mlendo. Malamulo awo a malo a mu 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anakhwimitsa kwambiri zoti munthu amene si nzika agule malo. Ambiri amazemba polembetsa dzina la msuweni kapena la mkazi wa kumeneko. Zimayenda bwino onse ali moyo ndipo akugwirizana. Msuweniyo akamwalira, ana ake amapeza nyumba ili m'dzina la bambo awo, ndipo inu mulibe pogwira. Amayi a usipa, ngati chimene mukufuna ndi pogona ndi posungira matumba, chitani lendi chipinda chokhazikika, ndalama yotsalayo iwonjezere mpamba.

Chotsiriza chimene ndikufuna tikambe ndi chapafupi ndi mtima. Kuchoka ku Katete kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 500, ndipo kuchoka ku Lusaka kukafika ku Siavonga ndi ena pafupifupi 200. Pa zaka 11 zija ndinalephera kufika pa maliro ambiri a kuno, ena a anthu amene anandilera. Munthu wa zaka 60 akamasamukira kutali chotero aziwerengera ulendo umenewo, wopita ali moyo ndi wobwera atagona m'bokosi, chifukwa ambiri a ife timafuna kudzaikidwa pafupi ndi amayi athu. Aziwerengeranso kuti akadwala adzamuphikira phala ndani. Ndipo ngati nyumbayo mukufuna kungoika anthu a lendi inu muli kuno, dziwani kuti nyumba ya kunyanja imakalamba msanga: chinyezi chimadya penti, chiswe chimadya mitengo ya denga, ndipo woyang'anira amene simumuona miyezi isanu ndi umodzi amayamba kudziona ngati mwini.

Ndamva kuti ena mukuganiza zopereka minda ya kuno kwa anthu obwera kuti mupeze ndalama yokagulira puloti ya kunyanja. Apa pokha ndikukanizani ndithu. Munda umenewo si wanu nokha, ndi wa mbumba. Amalume anu anakusungirani, inunso mukusungira ana a alongo anu. Madzi atalowa m'nyumba ya mlongo wanga, chimene chinawadyetsa chaka chonse ndi matumba a chimanga ndi nyemba ochokera m'munda wa amayi athu kuno kwa Mlolo, ngakhale kuti chinali chaka cha chilala ndipo tinakolola zochepa. Tikanakhala kuti tinaupereka, sindikudziwa kuti akanalowera kuti. Panopa alamu anga akuumba njerwa zina, ndipo maziko atsopano akumba kumtunda kwa mkuyu uja, pamalo pamene anawalozera mkulu wosoka ukonde.

Amene mwatsimikiza mtima kuti mukufuna kunyanja, pitani, ndipo ndikufunirani zabwino. Koma chaka choyamba chitani lendi. Mukhaleko October ndi kutentha kwake, dzinja ndi udzudzu wake, April ndi madzi ake, July ndi mphepo yake, penshoni ili ku banki. Mukadzagula, gulani kumtunda, ngakhale kuti pa khonde nyanja muzidzaionera patali.

Ndipo inu amene muli ndi zithunzi za mapuloti m'mafoni mwanu lero, chonde musatumize ndalama sabata ino. Tikatha pano ndikhala pansi pa mtengo uwo mpaka madzulo. Bwerani nazo tione limodzi, ndikuuzeni ofesi yoyambira ndi mafunso okafunsa.